MBIRI YA NARDONG PUTIK, CHIGAWENGA CHA M'MATOPE

Kawirikawiri tikafuna kulemba mbiri ya munthu amene adatisiya kalekale timasankha woyera mtima, Papa, kapena mtsogoleri amene adamenyera ufulu wa dziko lake. Ine ulendo uno ndapatuka pang'ono. Munthu amene ndikufuna kukufotokozerani adali chigawenga. Adapha anthu, adaba, adathawa m'ndende kangapo, ndipo potsiriza adafa ndi zipolopolo za apolisi pamsewu. Komabe kwawo, m'dziko la Philippines, dzina lake limatchulidwa mpaka lero ngati la ngwazi ya anthu osauka. Dzina lake lenileni lidali Leonardo Manecio, koma aliyense ankamudziwa ndi dzina loti Nardong Putik. Funso limene landichititsa kugwira cholembera ndi ili: zimatheka bwanji kuti alimi opemphera, odziwa bwino lomwe lamulo lachisanu la Mulungu, akonde ndi kubisa munthu wamagazi m'manja chotere?

Tiyambe ndi malo, pakuti mbiri ya munthuyu siimveka tikaichotsa m'dothi limene idamera. Dziko la Philippines lili kum'mwera cha kum'mawa kwa Asia, ndipo ndi la zilumba zoposa 7,000. Asipanya adalilamulira zaka zoposa 300, kuchokera mu 1565 mpaka mu 1898, ndipo ndiwo adafika nacho Chikatolika kumeneko, kotero kuti lero mwa anthu 10 alionse, pafupifupi 8 ndi Akatolika. Kum'mwera kwa likulu la dzikolo, mzinda wa Manila, kuli chigawo chotchedwa Cavite. Chigawochi chili ndi gombe la nyanja, minda ya mpunga m'zigwa, ndiponso mapiri ndi zigwembe zakuya kumtunda. Eni ake amanyadira kuti m'tauni yawo ya Kawit ndimo mkulu wa nkhondo Emilio Aguinaldo adalengeza ufulu wa dziko la Philippines pa 12 Juni 1898.

Koma Cavite idalinso ndi mbiri ina yosanyaditsa. Kale Asipanya ankaitcha mayi wa mbava, chifukwa cha kuchuluka kwa achifwamba amene ankabisala m'mapiri mwake. Anthuwa ankatchedwa tulisan m'chiyankhulo cha Tagalog. Chimene chinkawabala ndi nkhani ya malo, ndipo apa pali mbali imene sindiibisa ngakhale ikukhudza Mpingo wathu. Minda yaikulu yachonde ya ku Cavite idali m'manja mwa zipani za ansembe ochokera ku Spain, monga a Dominican, a Augustinian ndi a Recollect. Dera la Imus ndi Dasmariñas, kumene Nardo adabadwira, lidali munda wa a Recollect. Alimi ankalima pamenepo ngati alendi, kulipira chaka ndi chaka, ndipo wolephera kulipira ankatha kuchotsedwa. Munthu wolandidwa munda akalowa m'tchire ndi chikwanje, boma linkamutcha mbava, koma anansi ake ankamuona ngati mnzawo wolakwiridwa. Aamerika atalanda dzikoli adagula minda ya ansembeyi mu 1903 pa mtengo wa madola oposa 7 miliyoni, atakambirana ndi Papa Leo XIII, poganiza zoigulitsa kwa alimi. Mbali yaikulu idatheranso kwa anthu olemera. Mlimi adangosintha bwana basi.

M'dera lotereli ndimo Leonardo Manecio adabadwa pa 25 Malichi 1925, m'mudzi wa Sabang ku Dasmariñas. Bambo ake, amene adali munthu wodziwika pa ndale za m'tauniyo, adaphedwa ndi adani awo, ndipo nkhani imene anthu amakonda kukamba ndi yakuti imfa imeneyi ndiyo idamugwiritsa mfuti kuti alipsire. Iye adagwirapo ntchito yoyendetsa galimoto, ndipo chodabwitsa n'chakuti pa nthawi ina adalinso wapolisi wa ku Dasmariñas komweko. Ali ndi zaka 16, msinkhu wanga womwewu, nkhondo yachiwiri ya dziko lonse idafika pakhomo pake. Pa 10 Disembala 1941 ndege za Japan zidaphulitsa doko la sitima zankhondo za Amerika ku Cavite, ndipo kuyambira 1942 mpaka 1945 dzikolo lidali m'manja mwa asilikali a Japan. Anyamata ambiri adaphunzira kuombera m'zaka zimenezi. Nkhondo itatha mfuti zidatsalira m'midzi, zina pansi pa nkhokwe, zina padenga, ndipo boma latsopano limene lidalandira ufulu kwa Aamerika pa 4 Julaye 1946 lidalibe mphamvu zozitolera.

Amene adadziwa chochita nazo mfutizi ndi andale. Pa nthawiyo kudali zipani ziwiri zikuluzikulu, cha Liberal ndi cha Nacionalista, ndipo m'zigawo zambiri wandale aliyense wamphamvu ankasunga gulu lake la anyamata amfuti. Eni dziko ankanena okha kuti chisankho chimapambanidwa ndi zinthu zitatu: mfuti, zigandanga ndi ndalama. Ntchito ya anyamatawa idali kuopseza midzi yovotera mdani, kulondera mabokosi a mavoti kapena kuwaba kumene, ndi kuchotsa munthu amene wavuta. Malipiro awo sadali ndalama zokha. Bwana wawo akapambana, apolisi ankatseka maso pamene anyamatawo ankaba ziweto ndi magalimoto, kapena kuperekeza katundu wozembetsa. Gombe la Cavite lidatchuka kwambiri ndi ndudu zakunja zimene zinkatsitsidwa m'maboti usiku kuti zikagulitsidwe ku Manila osalipira msonkho. Nardo adakulira m'malonda amenewa mpaka kukhala mutu wa gulu.

Dziko lonse lidamva dzina lake mu Seputembala 1952, pa chiwembu cha ku Maragondon, tauni ina ya ku Cavite. Meya wa tauniyo, Severino Rillo, adagwidwa pamodzi ndi mkulu wa apolisi ndi apolisi ena, ndipo onse adaphedwa ndi mipeni. Taganizani, anzanga: anthu osungitsa malamulo a tauni yonse kuphedwa ngati mbuzi. Nardo adatchulidwa kuti adali pakati pa achiwembuwo. Koma pa mlandu womwewo padatchulidwanso dzina lalikulu kuposa lake, la Justiniano Montano, phungu wa nyumba ya malamulo ya Senate, amene adali mmodzi mwa andale amphamvu kwambiri ku Cavite. Khothi lalikulu lidamupatsa belo mu 1953, mlanduwo sudamugwire, ndipo adapitiriza ndale zake mpaka mu 1972. Mwana wake Delfin Montano adakhala bwanamkubwa wa Cavite kuyambira 1956 mpaka 1971. Nardo ndiye adalowa m'ndende mu 1953.

Tsopano ndikupempheni kuti muyang'ane zaka zimene zikubwerazi mwachifatse, chifukwa kwa ine chinsinsi cha moyo wa munthuyu chili m'kalendala.

Mu 1955 Nardo adathawa m'chitokosi cha asilikali a Philippine Constabulary ku Imus. Constabulary adali apolisi a dziko lonse oyendetsedwa mwausilikali. M'mwezi wa Novembala chaka chomwecho kudali chisankho cha abwanamkubwa ndi ameya. Pa 12 Novembala 1957, tsiku lenileni la chisankho cha mtsogoleri wa dziko, mkulu wa Constabulary m'chigawo chonse cha Cavite, Laureano Maraña, adaphedwa pamodzi ndi anthu ena angapo, ndipo mlandu udagwera Nardo ndi gulu lake. Apa boma lidachita manyazi ndipo lidamusaka mwamphamvu. Pa 27 Meyi 1958 adamupanikiza m'chigayo cha mpunga m'mudzi wa Medicion ku Imus. Amene adatsogolera kumugwira adali asilikali awiri achinyamata, Elias Lazo ndi Federico Navarro. Makhothi ataphatikiza milandu yake adamugamula kukakhala m'ndende zaka 182 ndi miyezi iwiri, kundende yaikulu ya New Bilibid ku Muntinlupa. Miyezi iwiri yapamwambayo imandiseketsa, ngati kuti woweruza ankaopa kuti zaka 182 zichepa. Adakhalamo zaka 11. Adathawanso mu Okutobala 1969, kutangotsala mwezi umodzi kuti kuchitike chisankho chimene Ferdinand Marcos adapambana kachiwiri.

Kodi mwaona? Chitseko cha ndende chinkachita ngati chikudziwa nyengo ya mavoti. Akatswiri amene adafufuza ndale za ku Cavite, monga John Sidel m'buku lake la mu 1999 lonena za mabwana a ndale ndi umbanda ku Philippines, adaonetsa kuti zigawenga ngati Nardo zinkakhala ndi moyo chifukwa cha andale amene ankazigwiritsa ntchito ndi kuzitchinjiriza. Akuluakulu adati galu wa mfumu ndi mfumu ya agalu. Nardo ankaopedwa m'midzi yonse, koma chingwe chake chidali m'manja mwa ena.

Anthu akumudzi adali ndi yankho lawo losiyana ndi ili pa funso loti n'chifukwa chiyani sankagwidwa wamba, ndipo yankho lawolo ndi lokoma kulimva kuposa langa. Loyamba lili m'dzina lake. Nardo ndi chidule cha Leonardo, ndipo putik m'Chitagalog ndi matope. Tingati Nardo wa Matope. Amati asilikali akazinga mudzi, iye ankathamangira kuminda ya mpunga n'kudzimiza m'matope pakati pa njati zoweta zimene kumeneko amazitcha carabao, zomwe alimi amalimira. Ankapumira m'kansungwi kapena m'phesi la tsamba la papaya, limene monga mukudziwa lili ndi mphako mkati. Asilikali ankadutsa pamzere ndi nsapato zawo, n'kumangoona njati zikubzikula. Kukada iye n'kuvuuka, thupi lonse matope okhaokha. Ndikaiganizira nkhaniyi ndimaona chifukwa chake alimi adaikonda. Matope amene anthu a m'tauni ankawanyansidwa nawo, amene mlimi amakhalamo tsiku lonse, ndi omwe adapusitsa boma ndi mfuti zake.

Yankho lachiwiri ndi limene lidamutchukitsa koposa: ankati ndi wokhwima. Adali ndi chithumwa chimene kumeneko amachitcha anting-anting kapena agimat, ndipo iye mwini ankakhulupirira kuti ndicho chinkamupulumutsa pamene ena ankagwa. Anthu ankati chipolopolo sichimulowa.

Pa chithumwachi ndiima pang'ono, chifukwa ife amene timalimbana ndi Chilatini m'kalasi tingachimve mwa njira imene ena sangachimvere. Anting-anting ya ku Philippines idabadwa pamene zikhulupiriro zamakolo zidakumana ndi zinthu za m'tchalitchi. Kawirikawiri imakhala mendulo yamkuwa yokhala ndi diso mkati mwa ngodya zitatu, kapena chithunzi cha mngelo, kapena mtanda. Ina imakhala malaya amkati olembedwa mawu ndi zizindikiro, ina kabuku kakang'ono ka mapemphero achinsinsi. Mawu ake ndi Chilatini chothyokathyoka chosakanizidwa ndi Chisipanya ndi Chitagalog, kotero kuti mphunzitsi wa galamala atachiona angagwire mutu. Sizovuta kumvetsa kumene zidachokera. Kwa zaka mazana atatu ndi kupitirira, mpaka Msonkhano wachiwiri wa Vatican wa 1962 mpaka 1965, mlimi ankagwada pa Misa n'kumamva wansembe akunena mawu amene iye sankawamva tanthauzo, ndipo ankaona kuti wonena mawuwo ndi yemwe adali ndi munda, ulemu ndi khutu la boma. Mwachibadwa adaganiza kuti mphamvu ili m'mawuwo, ndipo adatolako zidutswa zake n'kuzimanga pakhosi.

Eni zithumwazi amati zimalandira mphamvu m'Sabata Loyera, makamaka pa Lachisanu Loyera, tsiku limene ena amaziyesa podzitema ndi chikwanje. Palinso nthano yakuti munthu wolimba mtima akaima pansi pa duwa la nthochi pakati pa usiku, kamwala kamphamvu kamagwa kuchokera m'duwalo, ndipo ayenera kukawakha ndi pakamwa n'kulimbana ndi mizimu yofuna kumulanda. Mpaka lero amalonda amagulitsa mamendulo oterewa kunja kwa tchalitchi cha Quiapo ku Manila, pafupi ndi ogulitsa makolona ndi makandulo. Mpingo umaphunzitsa momveka kuti kuvala zithumwa n'kulakwira lamulo loyamba, ndipo mendulo yodalitsidwa ndi chikumbutso cha pemphero, siikhala chishango cha mfuti. Koma chiphunzitso chimayenda pang'onopang'ono pamene mantha akuthamanga.

Kuti muone kuti chikhulupirirochi sichidali cha masewera, tamvani zimene zidachitika Nardo ali m'ndende. Pa 21 Meyi 1967 gulu la alimi lotchedwa Lapiang Malaya, lotsogozedwa ndi nkhalamba ina dzina lake Valentin de los Santos, lidasonkhana pamsewu wa Taft Avenue ku Pasay, m'mphepete mwa Manila, likufuna kuti boma la Marcos lichoke. M'manja adanyamula zikwanje, m'thupi adavala zithumwa, ali ndi chikhulupiriro chonse kuti mfuti siziwachita kanthu. Asilikali a Constabulary adaombera, ndipo anthu 33 adafera pomwepo. Alimi amenewa adali ndi zithumwa za mtundu womwewo ndi cha Nardo. Chimene adalibe ndi phungu kapena bwanamkubwa kumbuyo kwawo. Ine ndikaika nkhani ziwirizi pamodzi ndimaona bwino lomwe chithumwa chenicheni chimene chinkabweza zipolopolo pa chifuwa cha Nardo.

Nanga chikondi cha anthu chidachokera kuti? Pajatu munthu sangabisale zaka zambiri m'chigawo chaching'ono, pafupi ndi likulu la dziko, popanda amayi omuphikira ndi ana omuuza kumene asilikali alowera. Nkhani zimene zinkayenda m'midzi zinkati Nardo amathandiza osauka, amabweza njati zobedwa kwa eni ake, ndipo amaweruza milandu imene apolisi ainyalanyaza. Tisaipeputse nkhani ya njatiyi. Kwa mlimi wa mpunga njati imodzi ndiyo khasu, ngolo ndi banki. Ikabedwa usiku, chaka chimenecho ndi cha njala. Akapita kupolisi angamuuze kuti abwere mawa, mawa lake osafika, mwinanso wakubayo ndi mnzake wa wapolisiyo. Akapita kwa Nardo, njati inkatha kupezeka itamangidwa pamtengo m'mawa mwake. Munthu wotere ungamupereke kwa asilikali?

Koma tiyeni tifunse funso limene mlimi wosangalalayo sankafuna kulifunsa: Nardo ankadziwa bwanji kumene njati yobedwa ili? Ankadziwa chifukwa akuba ziweto a m'deralo ankayenda mwa chilolezo chake, ndipo iye yemwe ankatchulidwa pa milandu ya kuba, kulanda ndi kulipiritsa anthu ndalama za chitetezo. Ndi dzanja limodzi ankakutsina, ndi linalo n'kukusisita. Ndiponso pakati pa chikondi ndi mantha malire ake ndi ovuta kuwaona. Mayi amene wapatsa chigawenga mpunga usiku, ndani angalowe mumtima mwake kuti adziwe ngati wachita mokondwa kapena poopa kuti nyumba yake ipsa? Dzina lina limene adamupatsa lidali Kilabot ng Cavite, kutanthauza choopsa cha ku Cavite. Dzina lotere silipatsidwa kwa munthu amene amangogawa mphatso.

Katswiri wina wa mbiri wa ku Britain, Eric Hobsbawm, adatulutsa buku mu 1969 lofotokoza kuti m'maiko ambiri alimi oponderezedwa amasandutsa achifwamba ena kukhala ngwazi, monga Angerezi adachitira ndi Robin Hood. Ena adamutsutsa ponena kuti achifwamba enieni, ukawalondola bwino, umapeza kuti amadya ndi olemera kuposa ndi osauka. Moyo wa Nardo ukugwirizana ndi otsutsawo, pamene nthano za Nardo zikugwirizana ndi Hobsbawm. Mmene ndikuonera ine, anthu a ku Cavite adali ndi ludzu la chilungamo, ndipo poti chitsime cha boma chidali chouma adamwa m'chithaphwi. Sindikuwaseka. Koma sindingaiwalenso kuti apolisi a ku Maragondon adali ana a alimi omwewo, ndipo adasiya akazi amasiye ndi ana amene palibe adawajambulira kanema.

Atathawa mu 1969 Nardo adabwerera kwawo n'kuyambiranso, ndipo pa malonda ake padawonjezeka chamba. Apa ndipo adachita chinthu chimene chidamufupikitsira masiku. Pa 10 Febuluwale 1971 apolisi awiri ofufuza milandu a bungwe la National Bureau of Investigation, a nthambi yolimbana ndi mankhwala ozunguza bongo, Rogelio Domingo ndi Antonio Dayao, adagwidwa ndi gulu lake, kuzunzidwa ndi kuphedwa. Awa sadali apolisi a m'tauni amene meya akadatha kuwatontholetsa. Adali a ku likulu, ndipo anzawo adalumbira kuti sagona. Pa nthawi yomweyo mphepo ya ndale ku Cavite inkasintha. Pulezidenti Marcos adali atadana ndi banja la Montano ndipo ankafuna kuthyola mphamvu zake pa chisankho cha pa 8 Novembala 1971. Pamene njovu zikukonzekera kulimbana chotere, munthu wodziwa zinsinsi zambiri ngati Nardo amasanduka katundu wolemetsa kwa aliyense.

La 40 lidamukwanira Lamulungu pa 10 Okutobala 1971. Gulu la apolisi a National Bureau of Investigation pamodzi ndi a Constabulary ndi apolisi a m'deralo lidatchinga msewu ku Panamitan, m'tauni ya Kawit, tauni yomwe ija ya ufulu. Mmodzi mwa otsogolera adali Epimaco Velasco. Nardo adatulukira pa galimoto yake yofiira ya Chevrolet Impala, sadaime, ndipo apolisi adaikhuthulira zipolopolo. Adafera momwemo ali ndi zaka 46. Padalibe munda wa mpunga woti adziponyemo, padalibe njati, padalibe phesi la papaya. Chisankho chidali chitatsala milungu inayi, ndipo pa chisankhocho Delfin Montano adagwa. Chaka chotsatira, mu Seputembala 1972, Marcos adaika dziko lonse pansi pa ulamuliro wa asilikali n'kulamula kuti mfuti za anthu wamba zilandidwe. Adathetsa magulu ambiri a zigandanga za andale, koma mphamvu zawo adazisonkhanitsa m'manja mwake mpaka pamene anthu adamuchotsa mu 1986.

Mwina mukuganiza kuti imfa yotere idathetsa nkhani ya chithumwa. Ayi ndithu. Chikhulupiriro cha mtundu umenewu sichigonja ndi mtembo, chifukwa chithumwa chikalephera mlandu umagwera mwini wake kuti sadatsate chizimba. Ndipo Nardo wamoyo atachoka, malo adatsala oti alowepo Nardo wina wokongola kuposa woyambayo.

Mu 1972, chaka chisadathe n'komwe chimwalirireni, padatuluka kanema wotchedwa Nardong Putik. Amene adasewera ngati Nardo adali Ramon Revilla, mbadwa ya ku Imus, ku Cavite komweko. Kanemayu adakokera anthu ambirimbiri, ndipo Revilla adapanganso wina wa nkhani yomweyi mu 1984. Pa chinsalu Nardo adali mwana wolakwiridwa wolipsira bambo ake, wokhwima amene zipolopolo zinkangomudutsa. Achinyamata amene adabadwa iye atafa adamudziwa kudzera m'kanemayo, ndipo nkhope imene amaikumbukira ndi ya Revilla. Revilla adapitiriza kusewera anthu azithumwa mpaka adatchedwa mfumu ya agimat, ndipo kutchuka kumeneku kudamulowetsa m'nyumba ya Senate, kumene adakhala phungu kuyambira 1992 mpaka 2004. Adamwalira mu 2020. Njira imeneyi sadaiyende yekha. Chigawenga china cha ku Tondo mu Manila, Asiong Salonga, chimene chidaomberedwa mu 1951, chidaseweredwa m'kanema wa mu 1961 ndi mnyamata wina dzina lake Joseph Estrada, yemwe adadzasankhidwa kukhala Pulezidenti wa dziko mu 1998 n'kuchotsedwa mu 2001 pa nkhani za katangale. Chigawenga chidatumikira andale chili moyo, ndipo chitafa dzina lake lidabalanso andale ena.

Epimaco Velasco naye sadatsale. Adakwera mpaka kukhala mkulu wa National Bureau of Investigation mu 1992, adamujambulira kanema wake mu 1994 momwe adaseweredwa ndi Fernando Poe Jr., ndipo mu 1995 adasankhidwa kukhala bwanamkubwa wa Cavite. Wachiwiri wake pa mpandowo adali Bong Revilla, mwana wa Ramon Revilla, amene adadzalowa m'malo mwake mu 1998. Motero wapolisi amene adatsogolera kupha Nardo ndi mwana wa munthu amene adamuukitsa pa kanema adakhala m'boma limodzi la chigawo, akulamulira midzi yomwe ija imene Nardo ankabisalamo. Midziyo nayo idasintha. Dasmariñas idakwezedwa kukhala mzinda mu 2009, ndipo pa kalembera wa mu 2020 idapezeka ndi anthu oposa 700,000. Minda yambiri ya mpunga ya ku Dasmariñas ndi ku Imus idakwiriridwa, ndipo pamwamba pake padamangidwa nyumba, masukulu, mafakitale ndi masitolo aakulu a anthu ogwira ntchito ku Manila.